Tiziyeza mafuta a mathiransifoma asanatipsere

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa nkhani imene ambiri amaisiyira akatswiri okha, chonsecho ikavuta imazimitsa magetsi m'nyumba za tonsefe. Thiransifoma ikapsa timathamangira kuloza mphenzi kapena akuba mafuta ndi mawaya, ndipo n'zoona kuti akubawo atizunza kokwanira. Koma ine amene ndakhala zaka zambiri ndikusamalira zipangizo zamagetsi m'mafakitale, ndaona mathiransifoma ena akufa ndi nthenda ya m'kati imene inali itayamba kuonekera m'mafuta ake miyezi yambiri m'mbuyomo, kungoti panalibe woyeza.

M'thanki ya thiransifoma muli mawaya okulungidwa ndi mapepala apadera, ndipo zonsezo zimamira m'mafuta amene ntchito yake ndi kuziziritsa komanso kutchinga magetsi kuti asadumphe. M'mapepalamo mukatsalira kathovu ka mpweya, kapena mukalowa chinyezi, kapena pena pake pakakhala kachitsulo kosongoka, magetsi amayamba kuthetheka pamalo amodzimodziwo osadumpha mpata wonse wa pakati pa mawaya. Kuthethekaku ndi kumene amakutcha partial discharge. Mphamvu yake ndi yochepa kwambiri moti amaiyeza mu picocoulomb, kamuyezo kakang'ono kwambiri ka magetsi, potsatira malangizo a IEC 60270 a bungwe la padziko lonse loona za miyezo ya zamagetsi. Munthu woima pambali samva kanthu, thanki sitentha mopitirira, koma pepala limadyeka usana ndi usiku monga mmene chiswe chimadyera phaso la denga kunja kukuoneka bwinobwino. Mafuta nawo amaphwanyika, ndipo mpweya umene umatuluka wochuluka ndi hydrogen, pamodzi ndi methane wochepa.

Ubwino wake ndi wakuti mipweya imeneyi imasungunuka m'mafutamo, choncho munthu akhoza kutapako pang'ono thiransifoma ikugwirabe ntchito, n'kutumiza ku labotale kukapanga chimene timachitcha DGA, kutanthauza kuyeza mipweya yosungunuka m'mafuta. Vuto lililonse limasiya mpweya wakewake. Ethylene akachuluka ndiye kuti pena pakutentha kwambiri, mwina polumikizira polobodoka. Acetylene amabadwa pamene magetsi akudumpha ngati moto wowotcherera zitsulo, pa kutentha kopyola madigiri 700. Carbon monoxide ndi carbon dioxide amasonyeza kuti pepala lenilenilo likupsa kapena kukalamba. Michel Duval wa ku kampani ya magetsi ya Hydro-Québec, m'dziko la Canada, anakonza m'chaka cha 1974 chithunzi cha makona 3 choyerekezera methane, ethylene ndi acetylene, ndipo kangodya ka partial discharge ndi pamene methane wafika 98 pa 100 iliyonse ya mipweya itatuyo. Popeza chithunzicho sichiwerengera hydrogen, woyeza wosamala amayang'ananso malangizo a IEC 60599, amene amati methane akachepera gawo limodzi mwa magawo 10 a hydrogen, tiganizire za partial discharge.

Chimene ndikufuna kutsindika kwenikweni, a Mkonzi, n'chakuti hydrogen payekha si chigamulo, ndipo kuyeza kamodzi sikuuza munthu zambiri. Malangizo akale a IEEE C57.104, a bungwe la akatswiri a zamagetsi, ankaona hydrogen wosapyola 100 ppm, kutanthauza magawo 100 pa miliyoni iliyonse, ngati wabwinobwino, ndipo ndaonapo anthu akunjenjemera nambala itangodutsa pamenepo. Komatu pali mafuta ena amene amatulutsa hydrogen okha akangofunda, popanda vuto lililonse la magetsi, ndipo madzi okhala pansi pa thanki akakumana ndi dzimbiri kapena chitsulo chopakidwa zinc amatulutsanso mpweya womwewo. Chofunika ndi liwiro la kukwera kwake. Thiransifoma imene hydrogen wake ndi wokwererapo koma wakhazikika kwa zaka siindisowetsa tulo, pamene ina imene nambala yake ndi yochepa koma ikukwera mwezi ndi mwezi ndimaiyang'anitsitsa. Wosasunga zotsatira zakale sangathe kusiyanitsa ziwirizi.

Katapidwe ka mafutawo nakonso kamatisocheretsa. Pa fakitale ina imene ndinkagwirako ntchito, mnyamata wina anatapira mafuta m'botolo la pulasitiki la zakumwa, nalisiya padzuwa m'galimoto masiku angapo lisanapite ku labotale, ndipo zotsatira zinabwera zokoma. Mtima wanga sunakhazikike chifukwa silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, wa pa chopumira cha thiransifomayo anali atasintha kuchoka ku mtundu wa buluu kufika ku pinki, kusonyeza kuti wakhuta chinyezi, ndipo kambale ka mafuta ka pansi pake kanali gwaa, kouma. Tinatapanso ndi sirinji yagalasi, titayamba tataya mafuta oyambirira a pa vavu, n'kuonetsetsa kuti m'sirinjimo mulibe thovu ngakhale limodzi. Hydrogen anapezeka wochuluka, ndipo titabwereza patapita milungu ingapo anali atakweranso. Mwa mipweya yonseyi hydrogen ndiye sachedwa kuthawa m'mafuta, motero m'botolo lija anali atatuluka kalekale. Titazimitsa n'kutsegula, tinapeza pepala la pafupi ndi bushing ina, chipangizo chimene waya amadutsiramo potuluka m'thanki, lili ndi timadontho takuda, litamatidwa ndi zinthu zonga phula, zimene zimatsalira mafuta akamaphwanyidwa ndi kuthetheka. Tinakonza malowo, tinaumitsa mawaya ndi kusefa mafuta, thiransifomayo n'kubwerera pantchito.

Ena amati palibe chodera nkhawa poti pali Buchholz relay. Chipangizo chimenechi, chimene Max Buchholz anachipanga ku Germany mu 1921, chimakhala pa paipi yolumikiza thanki yaikulu ndi kathanki kapamwamba, ndipo n'chodalirika ndithu. Koma pa vuto lotereli chimalira pokhapokha mpweya utachuluka mpaka kupanga thovu lokwera m'mwamba, pamene nthendayo yapita kale patali. DGA ndiyo imachenjeza msanga, kenako zida zomvera phokoso pa khoma la thanki kapena za UHF, zogwira mafunde onga a wailesi amene kuthethekako kumatulutsa, zimathandiza kulondola malo enieni amene pakuthetheka.

Dziko lathu lamanga zinthu zodula, monga mzere wa 400 kV wochokera ku Phombeya kukafika ku Nkhoma, ndipo thiransifoma ya pa malo oterowo sigulidwa pa shelefu: imaitanitsidwa kunja, imalipiridwa ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale, ndipo imatenga miyezi yambiri kuti ipangidwe n'kufika. Mathiransifoma aakulu chotere amayenera kukhala ndi zida zoyezera hydrogen nthawi zonse. Nkhawa yanga yaikulu ili pa a 11 kV ndi 33 kV amene ali m'manja mwa mafakitale, maesiteti, mahotela ndi zipatala, kumene mwini wake amakumbukira thiransifoma tsiku limene yazima basi.

Ndikupempha bungwe la MERA kuti liganizire zolamula eni mathiransifoma oterewa kuti aziyezetsa mafuta mwina kamodzi pachaka ndi kusunga zotsatira m'buku limene woyendera angalione. Ndikupemphanso MUBAS ndi makoleji a ntchito zamanja kuti wophunzira zamagetsi asamachoke pasukulu asanagwirepo sirinji yagalasi pa vavu ya thiransifoma yeniyeni, ndi kuwerenga yekha pepala la zotsatira za DGA.

Mmisiri wa zamagetsi wopuma pantchito,
Limbe