Lipoti la msonkhano wa za mafupa: kuyeza ngati fupa la ntchafu lakhala m'malo

Akuluakulu ndi anzanga a ku wodi ya mafupa,

Zikomo pondituma. Nkhani zinalipo zambiri, koma yomwe ndabwera nayo ndi ya fupa la ntchafu lomwe taika chitsulo m'kati.

Tinazolowera kuti X-ray ikaonetsa fupa lili njo, timagwirana chanza. Koma chithunzi chimangoonetsa kupindika, kupotoka chimabisa. Fupa limaoneka lowongoka bwinobwino pomwe chidutswa cham'munsi chazungulira, ndipo wodwala akadzayamba kuyenda phazi limaloza kunja kapena m'kati. Kupotoka kukapitirira madigiri 15 ndiye vuto. Kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2004, atayeza ndi CT (makina ojambula m'thupi magawomagawo), anapeza kuti odwala 28 mwa 100 aliwonse oikidwa chitsulo anali otere. Kumeneko zida n'zosasowa, nanga kwathu kuno?

Omwe ali ndi C-arm, makina a X-ray ojambula opaleshoni ili m'kati, anationetsa njira zawo. Amajambula kanundu ka kumtunda kwa fupa la ntchafu kotchedwa lesser trochanter ka mwendo wabwino, bondo litayang'ana kumwamba, n'kufanizira ndi mwendo wothyoka. Ena amatambasula chingwe cha diathermy (makina otsekera magazi ndi magetsi) kuchokera pakati pa mutu wa fupa m'chiuno mpaka pakati pa kakolo. Chikadutsa pakati pa bondo, mwendo wawongoka.

Ine mtima unali pa zomwe tingathe ndi manja. Chitsulo cha SIGN, chomwe a Lewis Zirkle anakonzera zipatala ngati zathu, chimalowa popanda C-arm, choncho diso ndi tepi ndizo zida zathu. Wodwala asanagonekedwe, yezani mwendo wabwino kuchokera pa nsonga ya fupa la chiuno kutsogoloku mpaka pa kakolo wam'kati, mulembe. Mukamanga masikuluwu ogwira chitsulocho, musamutsitse patebulo. Chotsani nsalu, gundanitsani zidendene, pindani chiuno ndi bondo, muzungulitse miyendo yonse iwiri m'kati ndi kunja, muone ngati ikufika pofanana. Mwendo ukafupika kuposa masentimita 2, munthuyo adzatsimphina.

Ndivomere, ineyo ndinatulutsapo mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto ndisanachite zimenezi, chifukwa mzere unali wautali. Atabwera ku kiliniki, phazi linali chagonera kunja ngati la bakha. Tikanaona tsiku lomwelo, kunali kungomasula masikuluwu a mbali imodzi n'kutembenuza. Panafunika opaleshoni yachiwiri.

Pempho langa n'lakuti pa fomu ya ku fiyeta tiwonjezepo mizere iwiri, wa kutalika ndi wa kupotoka, ndipo tepi izikhala m'fiyeta momwemo, osati m'thumba la munthu. Tikambirane pa handover (msonkhano wopatsirana ntchito) ya Lachisanu.