Tchuthi cha wantchito si chifundo cha bwana

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya tchuthi cha anthu apantchito. Pa zaka zambiri zimene ndinali kalaliki wa malipiro pa kampani ina mu mzinda wa Blantyre, ndinaona anthu ochuluka akutaya zinthu zomwe lamulo lidawapatsa kale, ndipo ambiri a iwo ankazitaya chifukwa panalibe amene anawauzapo kuti ndi zawo. Amene wandichititsa kulemba kalata ino ndi mlonda wa pa nyumba ina m'dera lathu, bambo wachikulire ndithu, yemwe tsiku lina tikucheza pa mpanda anandiuza kuti chino ndi chaka chachinayi asanapondeko kwawo ku Mulanje. Atapempha masiku ochepa oti akaone banja ndi munda, abwana ake anamuyankha kuti apeze yekha munthu womugwirizira ndipo amulipire kuchokera m'thumba mwake. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti bamboyo ankafotokoza zonsezi mopanda mkwiyo, ngati munthu amene akunena za mvula yochedwa kugwa.

Lamulo la zantchito la dziko lino, la Employment Act la chaka cha 2000, silibisa mawu pa nkhaniyi. Munthu amene amagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata ayenera kulandira tchuthi cha masiku osachepera 18 pa chaka, ndipo amene amagwira masiku asanu ayenera kulandira masiku osachepera 15, malipiro ake osadulidwa ngakhale tambala imodzi. Masiku amenewa ndi masiku ogwira ntchito, kotero kuti bwana amene amawerengera Lamulungu m'kati mwake, pomwe wantchitoyo sagwira Lamulungu, ndiye kuti akumubera. Tchuthicho chiyenera kutengedwa pasanathe miyezi isanu ndi umodzi chikwanireni, pokhapokha ngati awiriwo agwirizana kuti achisunge, ndipo ntchito ikatha munthu asanatenge masiku ake, masikuwo amasanduka ndalama zoti apatsidwe potsanzikana. Kuwonjezera apo, sabata ya ntchito sipitirira maola 48 popanda ovataimu, ndipo palibe amene ayenera kugwira masiku oposa asanu ndi limodzi motsatizana osapuma tsiku lathunthu. Lamuloli silinalembedwere okhawo ovala tayi a m'mabanki ndi m'maofesi a boma. Mlonda, wantchito wa m'nyumba, wosamalira maluwa, wogulitsa m'sitolo ndi wothira mafuta pa filing'i siteshoni, onsewa ali m'kati mwake.

Nkhani ya maholide a boma ndiyo imandidabwitsa koposa. Tsiku lililonse la holide talidziwa pamtima kuyambira tili ku pulayimale: 1 Januwale, 15 Januwale pokumbukira John Chilembwe, 3 Malichi pokumbukira anthu amene anafera dziko lino mu 1959, Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Pasaka, 1 Meyi tsiku la apantchito, 14 Meyi tsiku la Kamuzu, 6 Julaye tsiku la ufulu wodzilamulira, 15 Okutobala tsiku la anakubala, kenako Khirisimasi ndi tsiku lotsatira lake, osaiwala Eid imene tsiku lake timadikira mwezi uoneke. Masiku tikuwadziwa, koma chimene lamulo likunena kwa munthu amene wagwira ntchito pa masiku amenewa ndi ochepa amene amachidziwa. Ola lililonse logwiridwa pa holide liyenera kulipiridwa ndalama zosachepera kawiri za ola la masiku onse. Ngati ola la munthu ndi K500, mwachitsanzo, ola la pa Khirisimasi ndi K1,000. Chimodzimodzinso munthu akaitanidwa pa tsiku lake lopuma, pomwe ovataimu ya masiku wamba ndi ola limodzi ndi theka pa ola lililonse.

Tsopano taganizani amene amagwira ntchito pa masiku amenewa. Pa Khirisimasi, pamene achibale adzaza pabalaza, amene amadzuka mbandakucha kupha nkhuku, kuphika mpunga ndi kutsuka mbale mpaka usiku ndi mtsikana wantchito, ndipo malipiro ake a tsikulo amakhala mbale ya mpunga womwewo ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Pa 1 Meyi, pamene mamembala a mabungwe a apantchito a pansi pa Malawi Congress of Trade Unions akuguba ndi zikwangwani ndipo akuluakulu akulankhula pa nsanja, mlonda amakhala ali pa geti monga mwa masiku onse, mwina akumvera zolankhulazo pa kawailesi kake. Sindikunena kuti ntchito zonse ziziima pa holide, pakuti chipatala sichingatsekedwe ndipo nyumba singasiyidwe yopanda woiyang'anira. Ndikunena kuti kupuma kwa ena kumatheka chifukwa cha thukuta la ena, ndipo thukuta limenelo lamulo lidaliikira mtengo wake.

Za matenda ndingodutsamo mwachidule. Munthu akakwanitsa miyezi 12 pa ntchito, ali ndi masabata anayi a tchuthi cha matenda pa malipiro athunthu ndi masabata ena asanu ndi atatu pa theka la malipiro chaka chilichonse, bola aonetse chikalata cha dokotala. Ambiri amalakwitsa pa chikalatachi: amadwala malungo, n'kugula mankhwala pa golosale, n'kugona kunyumba masiku atatu, ndipo pobwerera amapeza kuti awalembera kujomba.

Pamene ndikuona kuti lamulo lenilenilo likuperewera ndi pa tchuthi cha uchembere. Mayi amapatsidwa masabata osachepera asanu ndi atatu pa malipiro athunthu, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo ali ndi ufulu wobwerera pa ntchito yake. Kumuchotsa ntchito chifukwa choti ndi woyembekezera ndi mlandu. Zimenezi n'zabwino, koma masabata asanu ndi atatu ndi ochepa. A zaumoyo amalangiza mayi aliyense ku sikelo kuti ayamwitse mwana mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi, pomwe lamulo la zantchito likumubwezera ku ntchito khanda lili ndi miyezi iwiri, khosi lisanalimbe n'komwe. Pangano la bungwe la zantchito pa dziko lonse la ILO la chaka cha 2000 limanena masabata 14, ndipo anzathu a ku Zambia adaika masabata 14 omwewo m'lamulo lawo la 2019. Ndikuyamika kuti mu 2021 aphungu athu adakonza lamuloli n'kuikamo nthawi yoyamwitsa ya theka la ola kawiri pa tsiku, komanso tchuthi cha masabata awiri cha abambo amene akazi awo achira, kamodzi pa zaka zitatu. Komabe theka la ola silingathandize mayi amene amagwira ntchito ku Limbe pomwe mwana ali ku Chirimba, popeza nthawi yonseyo ingathere podikira minibasi kuti idzaze. Ndipo za tchuthi cha abambocho, ndamvapo amuna anzanga akuseka kuti kodi akachita chiyani ku chikuta, ngati kuti kutunga madzi, kuchapa matewera ndi kuperekeza ana ena ku sukulu ndi ntchito zodzichita zokha.

Ndikudziwa kuti si olemba ntchito onse amene ali ndi mtima wouma. Mphunzitsi kapena namwino amene walemba munthu womulerera ana nayenso amawerenga makwacha ake mwezi usanafike pakati, ndipo ambiri otere sadziwa kuti kulemba wantchito m'modzi yekha kumawasandutsa mabwana pamaso pa lamulo. Ndikudziwanso kuti ena adzati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, wantchito wolakwiridwa apite yekha ku ofesi ya leba ya m'boma lake, ndipo zikakanika kumeneko akasume ku khoti la Industrial Relations Court. Njira imeneyo ilipodi, koma ndani angakasumire bwana amene mawa lake akamutsegulira geti, akudziwa kuti kunja kuli anthu khumi amene akufuna malo akewo? Pa zaka zanga zonse za ukalaliki, anthu amene ndinawaona akupita ku leba anali okhawo amene ntchito inali itawathera kale.

N'chifukwa chake ndikupempha Unduna wa Zantchito kuti usamadikire madandaulo. Alangizi ndi oyendera malo a ntchito azifika m'makampani a alonda, m'masitolo ndi m'malo ogona alendo n'kupempha kuona mabuku a malipiro a miyezi imene muli maholide, chifukwa bukulo silinama: ngati mu Disembala munthu walandira ndalama zofanana ndi za mu Novembala pomwe anagwira pa 25 ndi pa 26, mlandu waoneka kale. Ndime za lamuloli zokhudza tchuthi zilembedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, pa pepala limodzi loti likhomedwe pa khoma la malo aliwonse a ntchito ndi kuwerengedwa pa wailesi. Inunso a nyuzipepala, pamene mukulengeza kuti Lolemba likubwerali ndi holide chifukwa tsiku lenileni lagwa pa Loweruka kapena Lamulungu, onjezeranipo mzere umodzi wokumbutsa kuti wogwira ntchito pa tsikulo alipidwe kawiri.

Mlonda uja ndinamulembera pa pepala masiku ake 18 a chaka chino, pamodzi ndi maholide amene wagwira kuyambira Januwale, ndipo ndinamulonjeza kuti ndidzamuperekeza ku leba ngati angafune. Analipinda bwinobwino pepalalo n'kuliika m'thumba la jekete, nati adzawaonetsa abwana akalandira kaye malipiro a mwezi uno.

Kalaliki wopuma,
Blantyre