Musanatsitse dishi, yesani kaye eriyo pakhomo panu

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anzathu a ku Thyolo ndi Mulanje amene akutsitsa madishi a setilaiti padenga kuti asamukire ku zimene ambiri akungozitchula kuti "kebulo". Ife ndife amisiri okhoma madishi ndi maeriyo, ndipo chimene chikutiwawa n'chakuti mabanja ambiri akumayamba ndi kugula, kufunsa n'kumabwera pambuyo ndalama itapita kale. Paja safunsa anadya phula.

Sitikudabwa kuti anthu akufuna kusintha. Ndalama yolipira mwezi ndi mwezi yakhala ikukwera, ndipo chichokereni mu 2023 pamene DStv inaimitsa ntchito zake m'dziko muno kwa kanthawi chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi bungwe loyang'anira za mauthenga ndi kuulutsa mawu la MACRA, anthu anaphunzira kusadalira njira imodzi. Koma mawu oti "kebulo" akusokoneza anthu. Kebulo yeniyeni ndi ija kampani imakoka waya wake kuchokera ku likulu lake, kudutsa m'misewu mpaka kulowa m'nyumba iliyonse, monga zilili m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya. Zimene zikugulitsidwa kuno ndi dzina limeneli n'zina, ndipo zilipo zitatu: dekoda yogwira ndi eriyo, monga ya Kiliye Kiliye kapena GOtv, kuonera kanema pa intaneti, ndi waya wokokedwa kuchokera pa dekoda ya munthu wina wapafupi. Wogulitsa akati "kebulo", mufunseni kuti akunena iti mwa zitatuzi.

Tiyambe ndi funso loti, kodi dishi mukuisiyiranji? Ngati ndi ndalama, n'zomveka. Koma ngati ndi chifukwa choti imadukaduka kukagwa mvula, dekhani kaye. Setilaiti ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba, ndipo mafunde ake, a pakati pa 11 ndi 12 GHz, amamwedwa ndi madontho akuluakulu a mvula. Mvula yamphamvu ya mu January ikamakhuthuka, chithunzi kuduka kwa mphindi khumi si chachilendo. Koma mvula yowaza ya chiperoni siyenera kuzimitsa dishi yokhomedwa bwino. Ikamazima ndi chiperoni, ndiye kuti pali chimodzi mwa izi: mphepo inaipotoza pang'ono, kachivundikiro ka LNB, kachida kaja kamakhala kumapeto kwa mkono wa dishi, kanang'aluka ndi dzuwa n'kumalowa madzi, cholumikizira waya chinachita dzimbiri, kapena dishiyo ndi yaing'ono. Kudera lamvula ngati lathu, dishi ya masentimita 90 imapirira kuposa ya 60. Zonsezi n'zotheka kukonza pa tsiku limodzi, ndipo n'zotchipa kuyerekeza ndi kugula zida zatsopano.

Tsopano za eriyo, pakuti ambiri akupita kumeneko. Dishi imayang'ana kumwamba, chakumpoto, ndipo phiri siliitchinga pokhapokha nyumba ili m'munsi mwenimweni mwa thanthwe. Eriyo ndi yosiyana. Imalandira mafunde kuchokera pa nsanja yomangidwa pansi pano, ndipo mafunde amenewa, a UHF, amayenda mowongoka, sakhota kuzungulira phiri. Ndiye taganizani za dera lathu: phiri la Mulanje lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, phiri la Thyolo, zitunda ndi zigwa za m'minda ya tiyi, ndi makwawa otsikira ku Thekerani. Nyumba ya pamtunda ku Bvumbwe ikhoza kugwira bwinobwino, pamene ina ya m'chigwa, mtunda woyenda mphindi zisanu zokha, osagwira kalikonse. Choncho mawu oti "kwa achimwene ku Luchenza ikugwira" si umboni woti kwanu ku Limbuli kapena ku Muloza igwiranso. Umboni ndi kuyesa padenga panu basi.

Kuyesako n'kosavuta. Bwerekani dekoda ndi eriyo kwa mnansi, kapena gwirizanani ndi wogulitsa kuti mulipira mukaona chithunzi. Mangirirani eriyo pa nsungwi yaitali, munthu mmodzi aigwire panja, wina akhale pa TV atatsegula tsamba loonetsa mphamvu ya siginolo. Pamakhala mizere iwiri, wina wa mphamvu, wina wa ubwino wa siginolo. Anthu ambiri amasangalala ndi woyambawo, koma wofunika ndi wachiwiri. Mphamvu ikhoza kufika 90 pamene ubwino uli pa 20, ndipo chithunzi chizingoima ndi kusweka timabokosi. Manambala amasiyana malinga ndi dekoda, koma ife timakhutira ubwino ukakhazikika pamwamba pa 70 osavinavina. Tembenuzani eriyo pang'onopang'ono, n'kumaima masekondi asanu paliponse, chifukwa dekoda imachedwa kuwerenga. Yesaninso kukweza ndi kutsitsa ndi theka la mita. Nthawi zina malo abwino sakhala pamwamba penipeni. Onaninso maeriyo a anansi amene akugwira bwino, ngati timitengo take tagona kapena taimirira, inu mutsate zomwezo, pakuti eriyo yoikidwa mosemphana ndi mmene nsanja imatumizira imataya mphamvu yambiri.

Chimodzi chimene anthu amaiwala ndi nyengo. Masamba onyowa amamwa mafunde a UHF. Eriyo yoyesedwa mu October, kunja kuli gwaa, ikhoza kuyamba kuvuta mu February mitengo ya bulugamu, mapeyala ndi mango itatcha masamba n'kunyowa. Kanema wa digito alibe chifundo cha kanema wakale uja ankaoneka mwamchengamchenga koma n'kumaonekabe: uyu amaoneka bwino kwambiri, kenako siginolo ikatsika pang'ono amazimiratu. N'chifukwa chake siginolo yongokwanira pa tsiku louma si yokwanira. Ngati pakati pa eriyo ndi nsanja pali mitengo, sunthani mlongoti kupita kumbali ina ya nyumba.

Dekoda ya setilaiti singagwire ndi eriyo, ngakhale mutailumikiza bwanji. Ya setilaiti imalembedwa DVB-S kapena DVB-S2, ya eriyo imalembedwa DVB-T2. Zilipo zina zogwira zonse ziwiri, zokhala ndi mabowo awiri kumbuyo. Pano pali ngozi yoti tiitchule: bowo lolembedwa LNB IN limatulutsa magetsi a mavoti 13 kapena 18 odyetsera LNB. Mukalumikizako eriyo, magetsiwo akhoza kuotcha busita ya eriyo, kachida kokulitsa siginolo, kapena kuononga dekodayo. Ma TV ena atsopano ali ndi DVB-T2 m'kati mwake. Werengani kumbuyo kwake musanagule dekoda, ngakhale kuti matchanelo otsekedwa amafunabe dekoda ya eni ake.

Waya wa dishi musautaye. Ngati ndi wa mtundu wa RG6, ndi womwewo umafunika pa eriyo, ndipo pa UHF umataya mphamvu yochepa poyerekeza ndi mmene umatayira pa setilaiti. Dulani masentimita 20 kumapeto komwe kunali panja muone m'kati. Ngati timawaya tolukana tija tada kapena tabiriwira, madzi analowa. Pitirizani kudula mpaka mupeze powala, ndipo zikakanika gulani wina. Pewani waya wowonda wotchipa wokhala ndi timawaya towerengeka. Ngakhale RG6 wabwino amataya pafupifupi theka la mphamvu pa mamita 20 aliwonse, choncho waya ukhale waufupi, wopanda mfundo, ndipo wotsala musaukulunge kuseri kwa TV. Poika cholumikizira cha F, kachitsulo kopotokola ka kumapeto kwa waya, sendani chikopa chakunja mamilimita 12, pindirani timawaya tolukana kumbuyo, kenako sendani choyera cham'kati kuti waya wapakati uonekere mamilimita 7. Kawaya kamodzi kokha ka kunja kakakhudza waya wapakati, siginolo yonse yatha, ndipo vuto limeneli ndi limene limachititsa anthu kubweza madekoda abwinobwino. Kulungani cholumikizira chapanja ndi tepi ya labala yomatirira yokha, chifukwa tepi wamba yamagetsi imamatuka ndi dzuwa. Waya usanalowe m'khoma, upindeni ulendewere pansi pang'ono kuti madzi azidontha panja m'malo motsetserekera m'nyumba.

Za busita, anthu amaikhulupirira mopyola. Busita sipanga siginolo pamene palibe. Imakulitsa chimene eriyo yatola, chabwino ndi phokoso lomwe. Malo ake ndi pamlongoti, pafupi ndi eriyo, pamene siginolo isanafooke ndi waya. Yoikidwa kuseri kwa TV imathandiza pang'ono kwambiri. Ndipo pamalo pomwe siginolo ndi yamphamvu kale, busita imasefukiritsa dekoda chithunzi n'kuzima. Eriyo yaitali ya timitengo tambiri, yolunjikitsidwa bwino, imaposa kaeriyo kakang'ono kokhala ndi busita. Ngati muli pafupi ndi nsanja ya mafoni ndipo chithunzi chimaswekasweka mphamvu ili pamwamba, funsani sefa ya 4G, kachida kotsekereza mafunde a mafoni. Ofuna TV ziwiri adziwe kuti sipilita ya njira ziwiri, kachida kogawa siginolo, imasiyira TV iliyonse mphamvu yosafika theka.

Apa tikupempha anthu atimvetsetse, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Mlongoti wa eriyo umakhala pamwamba kuposa dishi, ndipo dera lathu ndi la ziphaliwali. Mlongoti wachitsulo ulumikizidwe ndi waya wokhuthala wa kopa ku ndodo ya kopa yokhomeredwa pansi, yosachepera mita imodzi ndi theka, pamalo achinyontho. Kukayamba kugunda, zulani waya wa eriyo ndi pulagi ya magetsi. Kungozimitsa ndi rimoti sikuteteza kanthu. Mlongoti ukhale kutali ndi mawaya a ESCOM, kuwirikiza kawiri kutalika kwake, kuti ukagwa usawakhudze. Ukapitirira mamita atatu pamwamba pa denga, umangidwe ndi mawaya atatu oukoka mbali zitatu. Aliyense amene anaona mphepo ndi mvula ya namondwe Freddy mu March 2023 akudziwa chimene tikunena. Eriyo italikirane ndi malata mita imodzi kapena kuposa, chifukwa malata amabweza mafunde n'kusokoneza siginolo.

Njira ya intaneti ndi yabwino kwa amene ali ndi netiweki yokhazikika, koma awerengere kaye. Kanema wooneka mwapakatikati amadya pafupifupi 1GB pa ola, wooneka bwino kwambiri mpaka 3GB. Banja loonera maola atatu madzulo aliwonse lifuna 90GB pa mwezi pa mlingo wotsikawo. Yerekezani ndi mtengo wa bandulo ya TNM kapena Airtel, ndipo yesani netiweki cha m'ma 7 koloko madzulo pamene aliyense ali pa foni, osati m'mawa.

Yachitatu ija, yokoka waya kuchokera kwa munthu wina n'kumamupatsa kangachepe pa mwezi, tikuikana poyera. Ndi yosemphana ndi malamulo, ndipo nyumba zonse zimaonera tchanelo chimene mwini dekoda wasankha. Choopsa kwambiri n'chakuti waya wodutsa pamwamba kuchokera denga lina kupita lina umalumikiza nyumba zonsezo pamagetsi. Chiphaliwali chikagwa pafupi, kapena TV ya nyumba imodzi ikayamba kutayira magetsi mu waya, zida za m'nyumba zonse zikhoza kupsa, ndipo mwana wogwira cholumikizira akhoza kugwidwa ndi magetsi.

Musanalipire, pemphani mndandanda wa matchanelo wolembedwa. Ofuna nkhani za kwathu kuno pa MBC, Times kapena Zodiak angakhutire ndi eriyo, koma wokonda mpira wa ku England aonetsetse kuti masewero amene amafunawo alimo mu phukusi limene akugula, chifukwa si phukusi lililonse lili ndi masewero onse. Funsani ngati pali ndalama ya pa mwezi, ngati dekoda ili ndi chitsimikizo choibweza ikavuta, ndipo tengani risiti. Dikirani mwezi umene munalipira kale uthe. Dishi isiyeni padenga mpaka nyengo imodzi ya mvula idutse. Siidya kanthu ikangokhala, koma kuitsitsa n'kudzaikwezanso kumafuna mmisiri ndi ndalama, kuphatikizapo mabowo otsala pamalata amene amayamba kudontha.

Pomaliza, a Mkonzi, pempho lathu lipite kwa a MACRA, a Malawi Digital Broadcast Network Limited amene amayendetsa Kiliye Kiliye, ndi makampani onse ogulitsa madekoda a eriyo. Tisindikizireni mapu osavuta, m'Chichewa, oonetsa pamene pali nsanja iliyonse, madera amene imafika, ndi mbali yolozetsa eriyo munthu ali ku Thyolo boma, Makwasa, Luchenza, Chitakale, Likhubula kapena Muloza. Mapuwo apachikidwe m'masitolo momwe mukugulitsidwa madekoda, ndipo wogulitsa alole kasitomala wa kumalo okayikitsa kukayesa kwa masiku awiri kapena atatu. Mayi wothyola tiyi amene wasunga ndalama miyezi ingapo kuti ana aziona kanema asamabwerere kunyumba ndi bokosi lomwe silingagwire m'chigwa chomwe amakhala.

Ndife anu,
Amisiri okhoma madishi ndi maeriyo,
Luchenza, Thyolo