Kwa Esinati ku Leeds

Nkhotakota, Lachitatu usiku

Esinati mnzanga,

Kalata yako yafika ndi Madalitso, pamodzi ndi nsapato zija. Zikomo, koma phazi langa unaliiwala eti? Zaka zisanu ndi ziwiri zokha basi ukuyesa ndili ndi timapazi ta mwana wa sukulu! Ndampatsa mwana wanga Tadala, zamukwana.

Tadala yemweyo ndi amene wandigwiritsa cholembera usiku uno. Dzina lake silinatulukenso kusukulu ya udokotala ya KUHeS, kachiwiri kano. Analira masiku awiri, kenako anabwera ndi foni kudzandionetsa sukulu za udokotala za kuzilumba za Caribbean. Zithunzi zake mchenga woyera, madzi obiriwira. Ndinamuuza kuti nyanja ndi mchenga tili nazo pakhomo pano, ine ndikufuna kudziwa kuti odwala akawagwira kuti.

Paja kumeneko, monga ku St George's ya ku Grenada, zaka ziwiri amaphunzira m'kalasi pachilumbapo, ziwiri zinazo amakazungulira m'mawodi a zipatala za ku America kapena kwanuko. Wa MSCE ngati iye ayambe kaye wadutsa premed, maphunziro okonzekera udokotala. Ofuna za ku America alinso ndi mayeso a udokotala a kumeneko otchedwa USMLE, ndiye pali nkhani ya viza. Atamukaniza viza ali pakati, atsala ndi chiyani m'manja? Mabuku okhaokha, jakisoni osabayapo.

Koma chandisowetsa tulo ndi mphepo, Esinati. Mu 2017 namondwe Maria anasakaza Dominica, ana a sukulu ya udokotala ya Ross mpaka anakaphunzirira m'sitima yapamadzi, sukuluyo n'kudzasamukira ku Barbados. M'sitima! Tadala amene amasanza m'boti mwera ukangoyamba pang'ono? Sabata ino mwera wavuta, usipa wasowa, ndipo malata akangolira usiku ndimadzuka n'kumuona mwana wanga ali pakati pa nyanja yachilendo, wopanda womufunditsa chitenje. Dzulo ndinapita kukamusuzumira kuchipinda kwake kawiri. Bambo ake akuti ndikulira maliro a munthu amene ngakhale pasipoti alibe. Freddy anatiphunzitsa mu 2023 kuti namondwe si nthano.

Za ndalama ndisayambe. Fizi yake ndi ya madola, ndipo chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023, mpunga wathu wonse ndi nzimbe za ku Dwangwa sizingalipire ndi temu imodzi yomwe. Bambo ake akunena zogulitsa dimba la ku Bua. Ndakana.

A Nabanda tinawaika Loweruka, anthu anabwera ambiri. Madalitso akumanga ukwati mu Okutobala. Basi ya ku Lilongwe yakweranso mtengo, ndipo msewu wa M5 wandiswa msana, koma Lolemba ndipita ndithu ku Medical Council of Malawi ndikafunse ndi pakamwa panga ngati pepala la sukulu zotere amalilandira, komanso ngati angadzamulole kuchita internship ku Kamuzu Central. Ndimafuna adzabwere odziwa malungo ndi likodzo, matenda a ana athu a m'mbali mwa nyanja muno. Ku New York akawaona kuti?

Iwe uli m'wodi tsiku ndi tsiku. Ana ochokera kuzilumbazo umawaona? Amawalola kugwira wodwala, kapena amangoima kumbuyo ndi kabuku? Undiuze zoona, usandinyengerere. Magetsi athima, kandulo nayo yatsala kachidutswa, koma undifunsirenso kwa madokotala akwanuko.