Kalata yopita ku Matundo, mumzinda wa Tete

Ulongwe, Lamulungu madzulo

Mwana wanga,

Mbatata zija zafika? Amayi ako anazipereka kwa kondakitala wa shapa (minibasi) ya m'mawa Lachiwiri, thumba limodzi ndi kathumba ka nyemba pamwamba, koma mpaka lero uli zii. Ukalandira katundu uziimba, ngakhale kungoliza kamodzi n'kudula. Ndipo uzikhuthule m'thumbamo, uziyale pa simenti pansi pa bedi, chifukwa mbatata ya ku Angónia siichedwa kuwola m'kutentha kwa ku Tete.

Koma si mbatata zimene zandigwiritsa cholembera. Msuweni wako anafika kuno Loweruka ndipo zimene wanena zandisowetsa tulo. Akuti buku lako lonse lili pa kompyuta ya mnzako uja amene umakhala naye ku baraka, kogulitsa mowa kuja, madzulo. Akuti wamupatsa kale ndalama zoti akakusindikizire ku Beira. Akutinso foni yako amaitsegula yekha iwe uli kubafa, nambala yachinsinsi akuidziwa. Ndinamufunsa kawiri ngati waona ndi maso ake, anati inde.

Usandimve molakwa. Za mmene iwe ulili, kuti umakonda amuna anzako, tinakambirana n'kumaliza pakhonde usiku uja, ndipo mawu anga sanasinthe. Mwamuna amene mtima wako udzamusankhe akadzabwera kuno adzadya nsima pa mphasa yathu ngati mwana wa pakhomo. Chondiopsa ine ndi munthu mmodzi kugwira zinthu zitatu pa kamodzi: zolemba zako, ndalama zako, ndi nkhani za mumtima mwako zimene sunafune kuuza anthu. Ngakhale akhale m'bale wa bere limodzi, munthu wotero wagwira zochuluka. Miyezi inayi yokha mumzinda, iwe wamupatsa kale zonsezi?

Sabata ino ino utenge zolemba zako. Usakangane naye, usamuneneze kuba, ungoti ukufuna kukonza mutu wachitatu. Upite ndi fulashi yako, ukopere wekha uli pomwepo, ndipo utsegule fayiloyo uone ngati masamba ali onse, chifukwa fayilo ikhoza kuoneka dzina chabe mkati mulibe kanthu. Ukatero buku likhale m'malo atatu. Pa fulashi, imene uziisunga m'kabotolo kotseka chifukwa fumbi la malasha a ku Moatize limalowa paliponse. Pa imelo yako, udzitumizire wekha, tsiku ulilembe m'dzina la fayilo; imelo imasunga deti, ndipo tsiku lina munthu akadzati nkhaniyi ndi yake udzakhala ndi choonetsa. Malo achitatu ndi kuno: ulisindikize pa mapepala wamba a A4, ulimange, ulitumize kuno. Tidzaliika m'sutikesi ya amayi ako momwe muli makope ako a sitandade aja. Alipobe, ukudziwa? Kope lija unalembamo nkhani ya mbuzi yokana kuwoloka mtsinje, n'kukaiwerengera mbuzi zenizenizo kukhola, amayi ako alimanga ndi kansalu kuti chiswe chisalipeze.

Tsiku lomwelo usinthe manambala onse: la foni, la M-Pesa, mawu achinsinsi a imelo. Uonenso kuti nambala yobwezeretsera imelo ndi yako, osati yake. Mu WhatsApp muli malo oonetsa makompyuta amene alumikizidwa ku foni yako. Ngati unatsegulapo WhatsApp pa kompyuta yake n'kuiwala kutuluka, ndiye kuti uthenga uliwonse ukufika kwa iwe akuuwerenga ali kwawo. Uchotse zonse zimene upeze pamenepo, kenaka uike nambala ya manambala 6 ija yotsimikizira kawiri. Usasankhe tsiku lako lobadwa, akulidziwa.

Za ndalama zija umufunse zinthu ziwiri basi: dzina la grafika (kampani yosindikiza mabuku), ndi resibo yokhala ndi chidindo ndi NUIT, nambala ya msonkho ya kampaniyo. Grafika yeniyeni imapereka pepala la mtengo musanalipire, lolemba kuchuluka kwa mabuku, kukula kwake, mtundu wa pepala ndi tsiku lomaliza ntchito. Akakhala alibe mapepala amenewa, ndalamayo uiwerengere yotayika, ulire n'kupukuta misozi, koma usawonjezerepo ngakhale metikali imodzi. Adzati mtengo wa mapepala wakwera, adzati makina awonongeka. Usawonjezere.

Kusindikiza buku si ntchito yotumira munthu. Mapepala ndi inki ndazigwira zaka zambiri, choncho mvera. Usayambe ndi mabuku 500 ngati mmene akukunyengerera. Yamba ndi 50, ukachulutsa 100. Akatha udzasindikizanso, ndipo zolakwika zimene owerenga akuonetse udzakhala utakonza. Kukula kwake kukhale A5, ndiye theka la A4, pepala silitayika podula. Mkati pepala la magalamu 80 ndi lokwana. Lochepera pamenepo zilembo za kuseri zimaonekera. Chikuto chikhale cha magalamu 250 kapena 300, chokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala, popeza manja a thukuta amafufutitsa chikuto msanga. Masamba onse pamodzi azigawika ndi 4, chifukwa pepala limodzi likapindidwa limatulutsa masamba anayi; ukapereka 62 adzakuikira awiri opanda kanthu kumapeto n'kukulipiritsa. Kabuku kochepa, kosapitirira masamba 60 kapena chapomwepo, amangokamenya mawaya awiri pamsana ndipo kamalimba. Lako ndi lalikulu, ndiye pali kumata ndi guluu kapena kusoka ndi ulusi. Ngati thumba likulola, sankha kusoka. Guluu wotsika mtengo amafewa m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala, masamba n'kuyamba kuthothoka ngati nkhuku yachitopa. Mbali ya kumsana usiye mpata wa masentimita 2, apo ayi mawu oyambirira a mzere uliwonse amamezedwa.

Uwapatse PDF, osati fayilo ya Word, chifukwa Word ikatsegulidwa pa kompyuta ina mizere imasuntha. Ndipo samala ndi chilembo cha ŵ. Mitundu ina ya zilembo ilibe, imangotulutsa kabokosi, ndipo wosindikiza amene amalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi sadzaona kuti chalakwika. Usankhenso kalembedwe kamodzi: kaya ka mabuku a sukulu a kuno kamene kamati Cinyanja ndi cakudya, kaya ka ku Malawi ka Chinyanja ndi chakudya. Zonse n'zabwino, choipa n'kusakaniza m'buku limodzi. Asanayendetse makina akupatse buku limodzi lachitsanzo. Uliwerenge mokweza kuyambira pachikuto mpaka kumapeto, masiku awiri, kenaka usayine. Ulipire theka poyamba, theka lina utawerenga mabuku ndi dzanja lako n'kutsegula angapo a pakati pa katoni, osati a pamwamba okha. Ndalama uzipereka iwe mwini pa kauntala. Osati kudzera mwa mnzako.

Akadzabwera ndi pepala loti usayine, kaya akuti tikhale ogwirira limodzi, kaya akuti ndikhale wokuyang'anira, usasayine pa baraka. Zimene walemba ndi zako mwalamulo kuyambira tsiku limene unazilemba, ndipo njira yoti uzitaye ndi siginecha yako yomweyo. Uyang'ane mawu akuti cedência kapena cessão: amatanthauza kuti wapereka umwini. Pepala labwino limanena buku liti, mabuku angati, kwa zaka zingati, ndi gawo lako pa buku lililonse logulitsidwa. Likakhala chete pa chimodzi mwa izi ulibweze. Ku Maputo kuli bungwe la alembi la AEMO, lilipo kuyambira 1982. Kulembera anthu otero kufunsa nzeru sikuchotsa ulemu.

Tsopano chimene chikundiwawa kwambiri. Munthu amene wawerenga mauthenga ako tsiku lina mukadzayambana akhoza kunena kuti ndipatse ndalama, apo ayi ndiuza abwana ako, ndiuza a kwanu. A kwanu ndife, ndipo tikudziwa, choncho mpeni umenewo ndi wobuntha kale. Kuboma nako alibe pokutengera: kuyambira Juni 2015, pamene lamulo latsopano la milandu linayamba kugwira ntchito, kukondana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha si mlandu muno m'Mozambique. Wolakwira lamulo ndi woopseza mnzake kuti amulande ndalama. Zikadzachitika usalipire, chifukwa wolipira kamodzi amalipira mwezi uliwonse. Usafufute mauthenga ake, uwajambule, uwatumize ku imelo yako, ndipo kupolisi usapite wekha. Anthu a bungwe la Lambda, lomenyera ufulu wa anthu ngati iwe, akhala akuthandiza pa nkhani zotere kuyambira 2006, ngakhale boma lakhala likuzengereza kuwalembetsa. Ufufuze nambala yawo lero, usadikire tsiku la mavuto. Lamulo silitseka pakamwa pa eni nyumba kapena anthu a pamsika, zimenezo ukuzidziwa kuposa ine, n'chifukwa chake nkhani yako uziiulula iwe, kwa amene wamusankha, pa nthawi yako.

Malire usawaiwale. Ife timawoloka pa Calómue kupita ku Dedza ngati tikupita kudimba, mpaka timaiwala kuti ndi dziko lina. Ku Malawi lamulo likadali lakale, mwamuna akhoza kulamulidwa zaka 14, ndipo khoti lawo linakana kulichotsa mu 2024. Ukamapita kwa azakhali ako kapena kukagulitsa mabuku kudzera pa Zóbuè, foni ikhale yoyera, yopanda mauthenga a nkhani imeneyi. Ndipo usayende ulendo umenewo ndi munthu amene mwayamba kukokana pa ndalama.

M'bukumo muli anthu. Ndinaona pa masamba aja unatisiyira kuti mnyamata wa m'nkhani yachiwiri ndikumudziwa, ndipo ngati ine ndamuzindikira, mudzi wonse udzamuzindikira. Kusintha dzina kokha sikukwana. Usinthe mudzi, ntchito ya bambo ake, chipsera chija, ngakhale tchalitchi chimene amapemphera. Iwe wasankha kulankhula poyera, iye sanasankhe, ndipo ali ndi mkazi ndi ana tsopano. Ichinso n'chifukwa chake buku losamaliza siliyenera kugona pa kompyuta ya munthu wina: mmenemo mayina enieni akadalimo. Nkhaniyo ndi yabwino, mwana wanga. Pamene anyamata awiri aja akuotha moto wa zitsononkho m'munda mwezi wa Juni, osalankhulana, ndinaika pepala pansi n'kutuluka panja. Amayi ako anandifunsa ngati ndadwala.

Msuweni wako akuti chifikire kumeneko sunalembe tsamba latsopano. Sindikudabwa. Ku Tete masana mutu sugwira ntchito, dzuwa limapitirira madigiri 40, ndipo usiku ukuuthera pa mowa wa 2M wa mnzakoyo, umene ndikukhulupirira ukulipira ndiwe. Uzidzuka 4 koloko kusanatenthe, ulembe mpaka 6, masamba awiri pa kope ndi cholembera, magetsi akhalepo asakhalepo. Kutayipa uzichita Loweruka. Kompyuta usaiike pa matiresi, imatsamwa n'kuzima. Uiike pa thabwa, pansi pakhale mpata. Mayunitsi a magetsi a Credelec uzigula tsiku lolandira malipiro, pamodzi ndi lendi, ndalama isanaone baraka. Ndipo uzimvetsera mzindawo: pa mlatho wa Samora Machel m'mawa, pa shapa, kwa amayi ogulitsa nsomba za mu Zambezi. Chinyungwe chawo uchiphunzire, chidzalowa m'nkhani zako chokha. Anzako olemba uwafune masana, anthu oti akawerenga tsamba lako akuuze pamene pafooka. Amene amangoti ndiwe katswiri botolo lili m'manja sakukuthandiza.

Mwina ndikumulakwira mnyamatayo. Ngati ndi wabwino, kusintha manambala sikudzamukwiyitsa, ndipo resibo adzaitulutsa mosavuta. Akakwiya, udzakhala wadziwa. Koma zolembazo utenge kaye, usanamufunse za ndalama. Wamva? Zolemba kaye.

Kope losindikizalo ulimate bwino mu envulopu, ulipereke kwa kondakitala yemwe uja, umuuze kuti ndi mapepala a sukulu. Ndidzakhala pa siteji Lachisanu masana. Amayi ako akuti ufunse ngati chipewa chija ukuvala padzuwa, ndiponso akuti nyembazo uziviike usiku kuti usathe makala. Uimbe Lachitatu ukachoka kwa mnzakoyo, undiuze kuti masamba ali onse.

Ndine,
Bambo ako