Zikomo a PECO chifukwa cha timabogi ta malasha

Okondedwa akuluakulu ndi ogwira ntchito nonse a PECO kumeneko ku Beer, Devon,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine kuno ku Carlton, Nottingham, ndili bwino kungoti kuzizira kwayambapo kale. Kalatayi ndailemba m'Chichewa dala, mwana wanga wamkazi walonjeza kuti aiika m'Chingerezi kuti muimve, koma ndamuuziratu kuti asachotsepo kanthu olo penapake ndalubwa, chifukwa ndikamathokoza m'chiyankhulo cha eni ake mawu amangotuluka ouma ngati risiti ya m'shopu.

Nkhani yake ndi ya makiti a Parkside aja, mapaketi a tizidutswa ta pulasitiki timene umamata wekha nkupanga timabogi ta sitima tating'ono, makamaka kabogi ka malasha ka matabwa 7 m'mbali, ka pulani ya 1923, kamene mumakalemba kuti PC69. Ndinamva kuti makiti amenewa poyamba ankapangidwa ku Kirkcaldy ku Scotland, nde mu 2017 inu munawatenga nkupitiriza kuwapanga. Chimenechi ndiye ndikuthokoza. Mukanapanda kutero bwenzi ine ndikusakasaka ma sekondi handi pa intaneti pamtengo wolira nawo, ndipo ndikudzidziwa, ndikanangosiya.

Ine kwathu ndi ku Balaka. Amene akudziwa Balaka akudziwa kuti njanji imadutsa mtawuni momwemo, nde tili ana sitima ikamabwera tinkasiya chilichonse nkuthamangira kukawerenga mabogi, wina akuti 18 wina akuti 21 mpaka kumenyana. Magalimoto a mawaya ndinapanga ambiri, mawilo a zitsekerero za mabotolo, ena a zibotolo za polishi, koma sitima sindinapangepo, inkandivuta pa nkhani ya njanji yoti iziyendapo. Kenako kukula, sukulu, banja, kubwera kuno, ntchito yosamalira okalamba ya mashifiti a usiku, zonsezo zinaiwalika. Anandibwezera ndi madala ena oyandikana nawo nyumba. Tsiku lina ndinawathandiza kutsitsa makatoni m'siling'i mwawo, m'katoni imodzi munali kainjini kakuda ndi tinjanji tadzimbiri, nde iwo anangoti tenga mwana wanga, manja angawa akunjenjemera sindingazigwirenso. Madalawa anagwira ntchito mumgodi wa malasha wa Gedling kuyambira ali mnyamata mpaka mgodiwo utatsekedwa mu 1991. Panopa pamalopo ndi paki, anthu amakayendetsa agalu.

Abale akumudzi amene muwerenge kalatayi, apa ndikunena malasha okumba pansi ngati aja a ku Mchenga, osati makala athu a pambaula ayi. Ndipo tizinthu timeneti sitidole ta ana monga amanenera mayi a kunyumba kwanga akakwiya. Sikelo yake amati OO, mamilimita 4 amaimira fiti imodzi, ndiye bogi yeniyeni yotalika mafiti 16 ndi theka imakhala kabogi ka mamilimita 66 basi, kokwana m'chikhatho, koma kali ndi chilichonse, mabauti, zitsulo za m'makona, mahinjesi, mabuleki.

Chimene chinandikoka ndi mayina. Ndinaona zithunzi zakale za yadi ya sitima ya Colwick, pafupi pompano pa Netherfield pamene pano pali mashopu, mabogi ali mbwee ndipo iliyonse yalembedwa dzina lake zilembo zikuluzikulu kuyambira uku mpaka uko, GEDLING, BOLSOVER, DENABY, STEPHENSON CLARKE. Ndinafunsa madala aja kuti bwanji sanangolemba dzina la kampani ya njanji. Akuti ayi, mabogiwo sanali a njanji, anali a eni migodi ndi a anthu ogulitsa malasha, ena kampani yaikulu ya mabogi masauzande, ena kabambo ka pamudzi kokhala ndi mabogi awiri atatu, mwinanso obwereka kapena ogula pangongole kwa opanga ngati Charles Roberts wa ku Horbury kapena a Gloucester. Njanji inkangokoka nkulipiritsa. Ndiye bogi inali ngati chikwangwani choyenda, ngati mmene eni maminibasi kwathu amalembera mayina pagalasi lakumbuyo. Vuto lake linali lakuti ikatsitsa katundu imayenera kubwerera kwa mwini wake yopanda kanthu, pambali pankalembedwa tizilembo tonena mgodi woti ibwererekeko, nde tangoganizani ntchito yosankhula mabogi zikwizikwi m'yadi, iyi ya uku iyi ya uko, usiku ndi usana. Kuti asamangopanga aliyense zake, bungwe la Railway Clearing House linkaika miyezo, ya 1887, ya 1907, kenako ya 1923 imene kiti yanuyi yatsatira, yonyamula matani 12, ya mafiti 9 pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo.

Kabogi koyamba ndinakaononga, ndipo mlandu ndi wanga osati wanu. Ndinamata mothamanga pa tebulo la kukhitchini limene ndi lopendama, guluu wambirimbiri, nde katauma wilo limodzi linali m'malere ngati galu wotsimphina, pa kona iliyonse kamagwa. Ndinaphunzira kuti pomata umaika pa galasi, ine ndimagwiritsa ntchito kalilole wakale, ndipo mawilo onse anayi akhudze pansi guluu asanagwire. Apa ndiyamikire, mawilo achitsulo ndi timabeyaring'i ta bulasi timene mumaika m'paketi ndi tabwino zedi, ukamata mowongoka kabogi kamayenda kokha ukangokauzira. Ndinadabwanso kuti mabuleki a mbali iyi sakulumikizana ndi a mbali inayo, ndinkayesa pali kachitsulo kamene ndataya pakapeti, kufufuza ndi tochi mpaka bondo kuwawa. Kumeneko madala aja anaseka, akuti bogi ya zitseko zapansi sikhala ndi mtanda wodutsa pakati chifukwa zitsekozo zikamatseguka zingaombe mtandawo, mbali iliyonse ili ndi buleki yakeyake. Ndiye kuti amene anajambula kitiyi anaziganizira zonsezo.

Koma pamene panachitika nkhani yeniyeni ndi pa penti.

Nditamanga atatu owongoka bwino ndinawapenta mofiira, zitsulo zakuda, zilembo zomata zoyera ndinaitanitsa kwina, nkuthera masabata awiri ndikuziika chimodzichimodzi kuti zikhale bwino pamwamba pa mabauti. Anakongola heve. Ndinawaika m'chivundikiro cha katoni ya nsapato nkupita nawo kwa madala aja ndikuyenda monyada. Anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali, kenako akuti zokongola mwana wanga, koma ine bogi yotere sindinaionepo chibadwire. Mtima unangoti phwii. Akuti pamene iwo ankayamba ntchito m'zaka za m'ma 1950 mabogi amenewa anali atatheratu. Nkhondo itayamba mu 1939 boma linawatenga pafupifupi onse nkuwasakaniza kuti aziyenda paliponse, zobwerera kwa mwini zinathera pomwepo, ndipo palibe ankawapentanso. Kenako migodi inakhala ya boma mu 1947, njanji mu 1948, mabogi opitirira theka la miliyoni analowa m'manja mwa British Railways nkupatsidwa manambala atsopano oyamba ndi P. Thabwa likawola ankangochotsa nkukhomapo lina losapenta, nde dzina limaduka, pena G wapita theka, pena pakati pa dzina pangokhala mzere wa thabwa loyera, mwinanso thabwa lochokera pa bogi ina lokhala ndi chidutswa cha chilembo cha eni ena. Akuti ali anyamata ankapikisana kulota kuti bogi iyi inali ya ndani.

Ndinabwerera kunyumba nditakhumudwa, sindinama. Koma mawa lake ndinatenga kabogi kamodzi ndi kabulashi kolimba nkuyamba kukwecha zilembo zimene ndinavutika nazo zija. Dzanja limakana. Ndinapenta matabwa awiri mtundu wa thabwa losapenta, lina lotuwa ngati lakhalitsa pamvula, lina loyererako ngati lakhomedwa chaka chatha, chifukwa thabwa lakale silikhala la khofi monga timaganizira, limatuwa ngati chitseko cha nkhokwe. Pakona yakumanzere pansi ndinapenta kachigamba kakuda nkulembapo nambala ya P ndi matani ake. Kenako penti yakuda yosungunula kwambiri kuti ilowe m'mizere ya matabwa, dzimbiri pang'ono pa zitsulo ndi pa mahinjesi, mwaye wa choko chopera pamwamba pake. Mkati namo, poti bogi ya malasha mkati simupentedwa. Apa mpamene ndinaona ubwino wa kiti yosapenta ngati yanuyi. Mabogi ogula opentapenta aja a Bachmann kaya a Dapol ndi abwino, ndili nawo angapo sindikuwanyoza, koma ukalipira ndalama zonsezo mtima sulola kuti uwakweche, umangowasunga akuwala ngati galimoto ya ukwati. Pamene ka pulasitiki kotuwa kochokera m'paketi kalibe chisoni, ukalakwitsa umagula kena.

Nditapita nakonso anakagwira m'manja osayankhula kaye, kenako akuti eya, iyi ndiye ndikuidziwa. Koma sanathere pomwepo, akuti mzere wako woyerawu walozera kolakwika. Pali mzere woyera wopendekera umene ankapenta pambali kusonyeza kumene kuli chitseko chakumapeto, chija chimatseguka bogi akaipendeketsa kuti malasha akhuthuke onse kamodzi, nde nsonga yapamwamba ya mzerewo imayenera kukhala kumene kuli chitsekocho. Ine mbali imodzi ndinakhoza, mbali inayo ndinangokopera osatembenuza. Akuti ukanakhala shantala, wosanja mabogi m'yadi uja, bwenzi bogi yafika potsitsira chammbuyo, akapitawo akukutukwana mpaka kwanu. Munthu woti dzina la mdzukulu wake nthawi zina limamuthawa, koma mzere wa pabogi wa zaka 70 zapitazo anauona pa sekondi imodzi.

Kuyambira pamenepo Lachitatu lililonse ndikaweruka ndimapita ndi kabogi kamene ndikumanga kuti akakayendere. Ndi mmene ndinamvera za mabokosi a girisi a pa mawilo a mabogi akalekale amene ankatentha mpaka kufuka panjira, pamene a 1923 anali a oyilo. Ndi mmene ndinamvera kuti masitima a malashawa analibe buleki yochokera ku injini, mabogi amangokokana ndi unyolo wa mphete zitatu, nde pamwamba pa chitsikiro sitima imaima kaye gadi wa sitimayo nkutsika kukapanikiza mabuleki a pamanja bogi ndi bogi, ndipo ikamanyamuka phokoso limayambira kutsogolo gwe gwe gwe mpaka kukafika ku kanyumba ka gadi kumbuyo. Amatinso ku Gedling kunkagwira anthu a mitundu yambiri, a ku Jamaica, a ku Poland ndi kwina, mpaka ankautcha mgodi wa mafuko onse, nde amandiseka kuti ine ndangochedwa kubwera, bwenzi tili shifiti imodzi.

Za katundu wake ndisaiwale. Malasha a pulasitiki sindiwafuna, amaoneka ngati phala lopserera. Madala aja anali ndi chibuma cha malasha chimene anatuluka nacho mumgodi sabata yomaliza, chimakhala pashelefu pafupi ndi chithunzi cha malemu akazi awo. Tsiku lina anachitenga nkuswa kachidutswa ndi hamala, ine kukana kuti ayi agogo musatero, iwo akuti malasha ntchito yake nkukwera bogi. Ndinakakulunga m'kansalu nkukasinja, kusefa ndi sefa ya tiyi imene mpaka lero kunyumba sakudziwa kuti inapita kuti, nkuthira pa kakatoni kodula molingana ndi mkati mwa bogi, pamwamba guluu woyera wosungunula ndi madzi ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale kuti alowerere. Pansi pa kakatoniko ndimamatako manati awiri kuti kabogi kalemereko, apo ayi kamadumpha pa mapointi, pamphambano pa njanji paja. Kachidutswa kamene kaja kanakwanira mabogi 6.

Panopa ndili ndi 23, pa thabwa la mafiti 8 m'kachipinda kosungira katundu, tinjanji takenso ndi tanu tomwe. Palibe awiri ofanana. Chaka chatha nditapita kumudzi ndinaima pa Nkaya nkuonera sitima ya malasha yochokera ku Moatize ikupita ku Nacala, mabogi achitsulo opitirira 100, onse nkhope imodzi, ndinawerenga mpaka kutopa ngati kale lija koma panalibe dzina loti nkuwerenga. Mphwanga amene ndinali naye ndinamuonetsa zithunzi za timabogi tanga pafoni, anayang'ana nkufunsa kuti nanga achimwene bwanji mwagula zakutha.

Pempho langa ndi limodzi, musasiye kupanga makiti amenewa olo achinyamata akonde zogula zothaitha, ndipo ngati zingatheke tipangireniko mitundu yambiri ya mabogi akale a 1907 aja, afupiafupi, chifukwa madala akuti m'sitima imodzi mabogi sankalingana msinkhu, ena aatali ena aafupi ngati mano a nkhalamba, ndipo anga onse akulingana, zimene akuti zikuwasowetsa mtendere. Amene amaumba tizidutswa timeneti ndi amene amalongedza m'mapaketi muwapatsire moni wanga, muwauze kuti m'mapaketi onse amene ndagula sindinapezemo chosowa olo chimodzi.

Zikomo kwambiri, Ambuye akudalitseni.

Ine wanu,
kasitomala wa ku Carlton, kwathu ku Balaka