Lipoti la msonkhano wa za othawa kwawo umene munandituma

A Tcheyamani, akomiti, amayi ndi abambo nonse a m'bungwe lathu la maliro, ndabwerako kumene munandituma Loweruka lija. Msonkhano unali mu holo ya tchalitchi china ku Braamfontein, mu Johannesburg, kuno ku South Africa. Munadzaza anthu a ku Congo, Somalia, Ethiopia, Burundi ndi Zimbabwe, koma Amalawi tinalipo atatu okha. Funso limene munandipatsira linali limodzi: kodi Mmalawi amene masiku ake 30 a pa pasipoti atha angakatenge pepala la asailamu, lija lopatsidwa kwa othawa kwawo? Yankho ndabwera nalo, koma si lokoma.

Woyamba kulankhula anali mayi wina wachikulire, mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo anayamba ndi mawu oti kota. Ndinaseka chamumtima chifukwa kwathu timawadziwa mawuwa: ndi aja ankasankhira ana a ku yunivesite potengera boma lochokera, wina wokhoza bwino n'kutsala. Apanso ndi zomwezo, kungoti m'malo mwa maboma pali mayiko. Mu 1924 America inaika lamulo loti dziko lililonse lizilowetsa anthu owerengeka pachaka, ndipo powerengapo anatenga kalembera wa 1890, nthawi imene anthu a ku Italy, Poland ndi Russia anali asanachuluke kumeneko. Chakacho anachisankha dala. Ndiye pamene Hitler ankayamba kuzunza Ayuda, khomo linali litachepa kale. Mu 1938 mayiko 32 anakumana ku Evian, ku France, kukambirana za Ayuda othawa Hitler, aliyense n'kupukusa mutu ndi chisoni, koma pafupifupi onse anakana kuwonjezera chiwerengero. Chaka chotsatira sitima ya St. Louis, yonyamula anthu oposa 900, anaibweza ku Cuba ndi ku America, ndipo oposa 250 mwa iwo anakafera ku Ulaya nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Musaganize kuti ndi za kutali zokha. Dziko lino linaika kota yake mu 1930 pofuna kuchepetsa Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya. Mu 1936 sitima ya Stuttgart inakocheza ku Cape Town ndi Ayuda oposa 500 othawa ku Germany, ndipo mu 1937 boma linamangitsanso lamulo kuti ena asatsatire.

Chimene chinandigwira mtima ndi cha pambuyo pa nkhondo. Anthu ankhaninkhani anali m'misasa ku Ulaya, opanda kwawo kobwerera. America inadikira mpaka 1948 kuti ivomere 200,000, ndipo mu 1950 inakweza kufika cha m'ma 400,000. Koma olowawo ankawachotsera pa kota ya dziko lawo ya zaka zam'tsogolo. Ndi kuja kogulitsa chimanga chili m'munda: wodya lero akudyera mnzake wa mawa.

Masana analankhula loya, ndipo apa ndi pamene pali nkhani yathu. Pangano la ku Geneva la 1951 limati wothawa kwawo ndi amene akuzunzidwa chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ndale kapena gulu lake. Mayiko a mu Africa mu 1969 anawonjezerapo wothawa nkhondo ndi zipolowe. Lamulo la dziko lino la 1998 linatenga zonse ziwiri. Umphawi mulibemo. Kukwera kwa feteleza mulibemo, kugwa kwa kwacha mulibemo. Ndinafunsa kawiri, mwina ndamva molakwika Chingerezi, koma yankho linali lomwelo: Mmalawi wobwera kudzasaka maganyu si wothawa kwawo.

Ndipo pali china chotikhudza ife a maliro. Wotenga asailamu amakhala walumbira kuti kwawo akuopa kufako. Tsiku limene adzatulutse pasipoti ya Malawi kuperekeza bokosi ku Mangochi kapena ku Mzimba, watsutsa yekha lumbiro lake, ndipo pepalalo likhoza kuthera pomwepo. Nanga ndani mwa ife angalole kuti mayi ake aikidwe iye ali ku Rosettenville?

Pafupi nane panakhala bambo wina wa ku Congo. Anatulutsa pepala lake la Section 22, la wodikira yankho la asailamu, m'kajumbo ka shuga, lopindika panayi, m'mizere mopindamo litayamba kung'ambika. Anati wakhala akuliwonjezera masiku kwa zaka zoposa khumi, osadziwa ngati adzapatsidwa Section 24, limene ndi la wovomerezedwa. Iyeyo anathawa mfuti zenizeni. Ndiye aja amene amatiuza m'magulu a WhatsApp kuti ali ndi munthu wamkati, tumizani ndalama pepala lituluka mawa, akungotikankhira ku Lindela, kumene amasungira alendo ogwidwa asanawabweze kwawo. Za opitirira masiku loya anati: akapyola ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowa chaka chimodzi, akaposa pamenepo ndi zaka zisanu.

Ndiulule manyazi anga. Itafika nthawi ya ndemanga ndinaimirira n'kudzitama kuti ife Amalawi tinasunga abale a ku Mozambique oposa 1 miliyoni nkhondo yawo isanathe mu 1992, ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza, tikugawana nawo madimba ndi zitsime. Anthu anawomba m'manja. Kenaka mnyamata wina wa ku Burundi anaimirira n'kundipatsa moni m'Chichewa chabwinobwino. Anakulira ku Dzaleka, msasa wa othawa kwawo wa ku Dowa. Anatikumbutsa kuti msasa uja unatsegulidwa mu 1994 kuti uzisunga anthu cha m'ma 10,000, lero muli oposa 50,000. Kuti lamulo lathu siliwalola kukhala ndi kugwira ntchito kumene afuna. Ndipo mu 2023 amene anali ndi maokala m'matauni anawatola kuwabwezera kumsasa. Ndinakhala pansi mwakachetechete. Pa nkhomaliro tinadya limodzi, n'kumakambirana za msewu wa ku Dowa.

Chimene chitikhudze posachedwa ndi kota ya ntchito. Boma lino likukonza zoti nduna izitha kuika malire a alendo olembedwa m'minda, m'mahotela ndi malesitilanti, komanso pa zomangamanga, komwe ambirife tili. Anzathu a ku Zimbabwe ndi Lesotho anapatsidwa mapemiti apadera. Ife tilibe.

Ndikupempha komiti zinthu ziwiri. Tileke kugawana manambala a ogulitsa mapepala m'gulu lathu, ndipo woika achenjezedwe. Komanso tilembe kalata ku ofesi ya kazembe wathu, pamodzi ndi mabungwe ena a Amalawi, kufunsa ngati boma lathu linayambapo kukambirana za pemiti ngati ya anzathuwa. Kalatayo ndikhoza kuyamba kulemba ngati mwavomera.

Ndalama ya thiransipoti inatsalako pang'ono chifukwa pobwerera anandinyamula m'bale wina. Yotsalayo ndipereka kwa amsungichuma Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi.